Dolphin ndi ray amafera mu ukonde umodzi, koma wolira maliro amasankha

Mvula ikagwa kummwera ndi kumadzulo kwa phiri la Mulanje, madzi ake amatsika ndi Lichenya, Likhubula, Muloza ndi Thuchila n'kukasonkhana mu Ruo. Ruo amawagwetsa pa mathithi a Zoa, m'malire a Thyolo ndi Mozambique, n'kukawapereka kwa Shire pa Chiromo. Shire amawatula mu Zambezi, ndipo Zambezi amakawathira m'nyanja yamchere ya Indian cha ku Chinde, kummwera kwa Quelimane. Kumene madzi athuwo amakasakanikirana ndi amchere ndi kwawo kwa nyama ziwiri zimene ambiri a ife tinangoziona pa TV kapena pafoni: dolphin ndi ray. M'nyanja ya Malawi mulibe ndi imodzi yomwe, mu Chilwa ndiye osanena. Komatu sizili kutali monga timaganizira. Galimoto yonyamuka pa Muloza m'mawa, kudzera ku Milange ndi ku Mocuba, imafika kugombe tsiku lomwelo.

Dolphin amadziwika. Ndi uja amalumpha pamwamba pa madzi, wa mlomo wooneka ngati akumwetulira. Ray sadziwika kwenikweni: thupi lake ndi laphanthiphanthi ngati lichero, mchira wautali kumbuyo, ndipo nthawi zambiri amakhala atadzikwirira mumchenga pansi pa nyanja. Mutafunsa ana a sukulu pa Chitakale kapena pa Luchenza kuti mwa ziwirizi imene ili pamavuto aakulu ndi iti, ndikhulupirira ambiri angaloze dolphin, poti ndiye amamveka m'nkhani. Ziwerengero zikunena zina. Gwero lake lagona pa nkhani yooneka ngati ya m'kalasi chabe, yoti nyama iliyonse ili m'gulu liti.

Wina ndi m'bale wa mvuu, wina wa shaki

Dolphin si nsomba, ngakhale thupi lake limanamiza maso. Ali ndi mapapo, ndipo akalephera kutulukira pamwamba kukakoka mpweya amafa. Mphuno yake ili paliwombo, ndiye potuluka sachita kudzutsa mutu wonse. Magazi ake ndi ofunda, amatenga bere, amaswa mwana wamoyo n'kumamuyamwitsa. Mwanayo amabadwa ndi tiubweya tingapo pamlomo timene timathothoka pasanapite nthawi. M'kati mwa zipsepse zake zam'mbali muli mafupa a mkono ndi zala. Kasambiridwe nako kamamuulula: chambo chimakupiza mchira kumanja ndi kumanzere, pamene dolphin amaukupiza m'mwamba ndi pansi, chifukwa msana wake umapindika mmene umapindikira wa nyama yothamanga pamtunda. Tulo take n'tachilendo. Poti kupuma amachita kukumbukira, ubongo umagona mbali imodzi, mbali inayo ili maso, kenako zimasinthana.

Aristotle wa ku Greece anaziona kale zimenezi zaka zoposa 2,300 zapitazo, koma mabuku ambiri anapitiriza kuika anamgumi ndi ma dolphin pamodzi ndi nsomba mpaka mu 1758, pamene Carl Linnaeus wa ku Sweden anawasamutsira ku nyama zoyamwitsa. M'buku lomwelo mkuluyu anaika ma ray ndi ma shaki m'gulu limodzi ndi achule, zimene anzake anadzazikonza pambuyo pake. Lero ma dolphin ali m'gulu la Cetacea, la mitundu yoposa pang'ono 90 ya anamgumi ndi abale awo. Ambiri ali m'banja la Delphinidae, la mitundu pafupifupi 40, ndipo wamkulu m'banjamo ndi orca, wamawanga akuda ndi oyera uja, amene amatha kutalika mamita 9. Ma dolphin a m'mitsinje ambiri ali m'mabanja awoawo.

Mwa nyama zonse zimene zili moyo lero, m'bale wapafupi wa anamgumi ndi ma dolphin ndi mvuu, yomweyi ya ku Liwonde ndi ku Chikwawa. Kafukufuku wa DNA wa m'zaka za m'ma 1990 ndiye analoza zimenezi, ndipo mafupa akale okumbidwa ku Pakistan ndi ku India anadzavomereza. Nyama ngati Pakicetus, ya miyendo inayi, imene inkakhala m'mbali mwa madzi zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, inali ndi fupa la khutu lofanana ndi la namgumi koma akakolo a nyama za ziboda zogawikana. Ndiye kuti mbuzi ndi ng'ombe za m'khola ndi abale a dolphin kuposa nsomba iliyonse imene amasambira nayo.

Ray ndi nsomba yeniyeni, yopumira m'madzi, koma si wa gulu la chambo ndi mlamba. Alibe fupa lolimba. Thupi lake lonse lachirikizidwa ndi chicherewechere, chija chili m'khutu ndi kunsonga kwa mphuno, ndipo zimenezi zimamuika m'gulu la Chondrichthyes limodzi ndi ma shaki. Chomusiyanitsa ndi shaki ndi malo a timipata topumira: shaki ali nato m'mbali mwa khosi, ray ali nato kumimba, kawirikawiri tisanu mbali iliyonse. Zipsepse zake zam'mbali zinakula mpaka kulumikizana ndi mutu. Pakamwa pali kunsi, maso ali pamwamba, kotero chakudya sachiona pochidya. Amachipeza ndi fungo, komanso ndi timabowo ta pakhungu timene timamva mphamvu yamagetsi yotuluka m'thupi la nkhanu kapena nkhono yobisala mumchenga. Dolphin amasaka mwa njira ina: amatulutsa timaphokoso totsatizana n'kumvetsera mmene tikubwerera, luso limene mleme nawo uli nalo.

Mitundu ya ray imaposa 600, kuchuluka kuposa ya ma shaki, ndipo imagawidwa m'magulu anayi. Pali a mbola kumchira, yaululu ndithu. Mmodzi wa iwowa ndiye anapha Steve Irwin, wa mapulogalamu a nyama pa TV, ku Australia mu 2006, ngakhale imfa zotere n'zosowa kwambiri. M'gulu lomweli muli manta, wamkulu kuposa onse, wofika mamita 7 kuchoka kunsonga ya phiko kukafika kunsonga inzake, yemwe saluma munthu ndipo amangosefa tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi. Pali ma skate, okonda madzi ozizira. Pali amagetsi, amene ena amamenya ndi mphamvu ya magetsi ya ma volt okwana 200; asodzi a kuchigwa cha Shire amene anagwirapo nyesi akudziwa mmene zimamvekera m'mkono, ngakhale nyesi ndi m'bale wa mlamba, si ray. Gulu lachinayi, lomwe lili pamoto kuposa onse, ndi la ooneka theka shaki theka ray: guitarfish, wedgefish ndi sawfish, uja wa mlomo wa sowo, wautali ndi wa mano mbali zonse ziwiri.

Chinthu china chimazunguza mutu ukachimva koyamba. Chambo ndi ray tonse timazitcha nsomba, koma mzere wa nsomba za chicherewechere unapatukana ndi wa nsomba za mafupa zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, nyama za miyendo inayi zisanakhaleko. Nyama za miyendo inayizo zinadzaphuka kunthambi ya nsomba za mafupa. Choncho kutsata mtundu, chambo chili pafupi ndi dolphin kuposa mmene chilili ndi ray.

Zimenezi zikanangokhala zokondweretsa aphunzitsi a sayansi pakanapanda nkhani ya kaberekedwe. Usipa umakhwima chaka chisanathe n'kuikira mazira ochuluka. Ukachepa chaka chino, chaka chamawa ukhoza kubwerera. Malamulo a usodzi m'mayiko ambiri anamangidwa poganizira nsomba zotere. Ray sali choncho. Ma skate amaikira mazira ochepa, lililonse m'kachikwama kake kolimba, ndipo ma ray ena onse amaswa ana amoyo. A mbola amadyetsa ana awo m'mimba ndi madzi amafuta okhala ngati mkaka. Manta wamkazi amatenga zaka 8 mpaka 10, mwina kuposapo, kuti ayambe kubereka. Bere lake ndi la chaka chathunthu, mwana ndi mmodzi, ndipo amatha kupuma zaka ziwiri kapena kuposa asanatenge lina. Tsono yerekezani ndi bottlenose, dolphin wodziwika kwambiri uja: bere la miyezi 12, mwana mmodzi, wina kudzabadwa patapita zaka zitatu kapena kuposa. Pa kaberekedwe awiriwa ali chimodzimodzi. Koma m'maofesi ray amalembedwa kunthambi ya usodzi, amayezedwa pasikelo n'kuwerengedwa m'matani, ndipo kawirikawiri amangounjikidwa m'mzere umodzi wa ma shaki ndi ma ray osatchula mtundu. Dolphin amawerengedwa mitu, ena mpaka kupatsidwa mayina. Vuto lonse la ray layambira pamenepa: amagwidwa mwa usipa, chonsecho amabereka mwa nyama yoyamwitsa.

Mndandanda umene mkungudza ulipo

Bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, lili ndi mndandanda wotchedwa Red List, umene unayamba mu 1964, wosanja zamoyo molingana ndi chiopsezo choti zitheretu. Masitepe a chiopsezo ndi atatu: yoyamba Vulnerable, yachiwiri Endangered, yomaliza Critically Endangered, yomwe kuseri kwake ndi kutheratu. Kuno mndandandawu si wachilendo. Mkungudza wa paphiri la Mulanje uli pa sitepe yomaliza, ndipo mu 2018 mitundu itatu ya chambo inaikidwa pomweponso.

Mu 2021 akatswiri anaunika mitundu 1,199 ya ma shaki, ma ray ndi abale awo, n'kupeza kuti 391 ili pachiopsezo. Pa ma ray okha, 220 mwa mitundu 611, kapena kuti 36 pa 100 iliyonse. Kauniuni wa anamgumi, ma dolphin ndi abale awo amene anatuluka mu 2023 anapeza 26 pa 100 iliyonse mwa mitundu 92. Tisanamizane, 26 si nambala yoseka nayo. Koma mitundu makumi awiri ndi ingapo mbali iyi, mazana awiri ndi kuposa mbali iyo, pamene nkhani zambiri, ndalama ndi zithunzi za pa makalendala zili mbali ya ochepawo. Bottlenose weniweni, amene amaimira ma dolphin onse m'maganizo a anthu, ali m'gawo la zosadetsa nkhawa.

Mukayang'ana amene ali pachiopsezo mbali zonse ziwiri, mupeza kuti adilesi yawo ndi imodzi: pafupi ndi gombe, ndi m'mitsinje. Ma dolphin ali m'nyanja zonse zamchere, ndipo orca amafika mpaka ku Antarctica. A kutali ndi gombe amayenda m'magulu a mazana kapena masauzande, monga aja amathamangitsa nsomba za sardine kugombe la South Africa cha mu June ndi July, ndipo ambiri mwa amenewa akadalipo ochuluka. Koma pali Indian Ocean humpback dolphin, wa linunda pamsana, wopezeka kuchokera ku South Africa, kudutsa Mozambique, Tanzania ndi Kenya mpaka ku India, amene sakonda kuchoka m'madzi osazama, osapitirira mamita 25 kuya kwake. Mmenemo ndi mmene muli mabwato, maukonde, madoko, matope a mitsinje ndi mapulasitiki. Mu 2017 anaikidwa pa sitepe yachiwiri. Ku South Africa atsala osakwana 500, ndipo ena amafera m'maukonde amene amatchera ma shaki poteteza anthu osambira ku KwaZulu-Natal, makamaka pa Richards Bay. Abale athu amene ali ku Durban akamajambulitsa kugombe pa Khirisimasi, maukondewo amakhala kumbuyo kwawo m'madzi. Msuweni wake wa ku West Africa, Atlantic humpback dolphin, ali pa sitepe yomaliza, chimodzimodzi Māui dolphin wa ku New Zealand amene atsala pafupifupi 50.

Africa ilibe dolphin wa mumtsinje. Amenewo ali mu Amazon ndi Orinoco ku South America, mu Ganges ndi Indus ku Asia, komanso Irrawaddy dolphin amene amapezeka mpaka mu Mekong, momwe mwatsala pafupifupi 100. Wa mu Ganges pafupifupi saona. M'madzi amatope maso alibe ntchito, ndiye amadalira makutu. Onsewa ali pachiopsezo, poti dolphin wa mumtsinje alibe kothawira. Madamu ndi zotchinga za ulimi wothirira zimadula mtsinje zidutswazidutswa, gulu lililonse n'kutsekeredwa pa lokha. Mu 2023, chilala chitauma ku Brazil, madzi a m'nyanja ya Tefé anatentha mpaka kupitirira madigiri 39, ndipo ma dolphin oposa 150 anafa m'masabata ochepa. Komabe pamene boma laikapo mtima zinthu zimasintha: mu Indus ku Pakistan anachoka pa pafupifupi 1,200 mu 2001 kufika pafupi ndi 2,000 mu 2017, ndipo dziko la India litawerenga a m'mitsinje yake linalengeza 6,327 mu 2025.

Ma ray ambiri ndi a pansi pa nyanja, pamchenga, pamatope, m'matanthwe a coral ndi m'mizu ya mitengo ya mangrove. Ma skate amatsika mpaka mamita oposa 3,000, kumene dolphin sangafike ngakhale atafuna, poti ayenera kubwerera kudzapuma. Ochepa okha, monga manta ndi abale ake, ndiwo amayendayenda pamwamba. Ena ndi a madzi opanda mchere: pafupifupi banja lonse la Potamotrygonidae ku South America, wina mu Niger ndi Benue ku West Africa, ndi chimphona cha mu Mekong chimene asodzi a ku Cambodia anachigwira mu June 2022 cholemera makilogalamu 300, nsomba yaikulu kuposa zonse za m'madzi opanda mchere zimene zinayezedwapo. Anachiika kachipangizo kochilondolera n'kuchibwezera m'madzi.

Amene nkhani yake imatikhudza kwambiri ndi sawfish. Mtundu wina, largetooth sawfish, wotalika mamita 6 kapena kuposa, umaswera pamene mitsinje imathira m'nyanja, ndipo ana amakulira m'madzi opanda mchere kwa zaka zingapo. Kale unkakwera Zambezi mtunda wautali ndithu, mtsinje womwewu umene Shire amathiramo. Chimene chinkamuthandiza kusaka ndicho chamupha: mlomo wa manowo umakola mu ukonde wa mtundu uliwonse, ndipo msodzi sangaumasule popanda kung'amba ukonde kapena kupha nsombayo. Maukonde a nayiloni atafala, sawfish anazimiririka gombe ndi gombe. Ku South Africa womaliza anaoneka mu 1999. Ku Mozambique wofufuza wina, Ruth Leeney, anayenda m'midzi ya asodzi kufunsa amene anamuonapo, ndipo mayankho opatsa chiyembekezo anachokera m'zigawo za Zambézia ndi Nampula, zoyandikana nafe zomwezi. Damu la Cahora Bassa, lomwe linatseka Zambezi mu 1974, linasintha kasefukiridwe ka madzi kumunsi, ndipo mitengo ya mangrove ikudulidwa. Mitundu yonse isanu ya sawfish ili pachiopsezo chachikulu. Abale awo nawo zinthu sizili bwino: mu 2019, mwa mitundu 16 ya wedgefish ndi giant guitarfish, 15 inaikidwa pa sitepe yomaliza, chifukwa zipsepse zawo ndi zina mwa zodula kwambiri pamsika wa zipsepse za shaki ku Asia.

Chakupha chachikulu mbali zonse ziwiri ndi matchera, ukonde uja umatchedwa n'kusiyidwa m'madzi usiku wonse. Dolphin akakodwamo amafa m'mphindi zochepa chifukwa cholephera kukapuma. Kafukufuku wa mu 2020 anayerekeza kuti pakati pa 1950 ndi 2018, matchera otchera nsomba za tuna m'nyanja ya Indian anapha ma dolphin ndi abale awo ang'onoang'ono pafupifupi 4 miliyoni. Ray amakodwa m'matchera omwewo, komanso m'makoka a zombo zazikulu zimene zimakwekwesa pansi pa nyanja kufuna nkhanu za prawn, monga zimachitira pa Sofala Bank, kufupi ndi kumene Zambezi amathira. Kusiyana kwake n'kwakuti dolphin wokodwa kawirikawiri ndi tsoka kwa msodzi, pamene ray wokodwa ndi ndiwo komanso ndalama. Nyama imadyedwa yaiwisi kapena youmika ndi mchere, chikopa amapangira zikwama, zipsepse zimagulitsidwa. Msodzi alibe chifukwa chomutayira m'madzi.

Taonani mmene dziko linachitira mbali iliyonse. Kummawa kwa nyanja ya Pacific, zombo za tuna zinapha ma dolphin oposa 6 miliyoni kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Anthu atamva anakwiya. America inakhazikitsa lamulo loteteza nyama zoyamwitsa za m'nyanja mu 1972, zitini za tuna zinayamba kulembedwa kuti sizinaphe dolphin mu 1990, ndipo imfazo zinatsika kufika cha m'ma 1,000 pachaka. Baiji, dolphin wa mu Yangtze ku China, atasowa, akatswiri a mayiko angapo anayenda pamtsinjewo masabata asanu ndi limodzi mu 2006 akumufunafuna, ndipo atalephera kupeza ndi mmodzi yemwe, nkhaniyo inamveka dziko lonse. Nanga ray wotchedwa Java stingaree wa ku Indonesia? Sayansi imamudziwa ndi nsomba imodzi yokha, imene katswiri wa ku Germany, Eduard von Martens, anagula pamsika wa nsomba ku Jakarta mu 1862. Palibe anamuonanso. IUCN inalengeza kuti anatheratu mu December 2023, patadutsa zaka 161, ndipo iyi inali nsomba yoyamba ya m'nyanja yamchere kulengezedwa kuti yatha chifukwa cha zochita za anthu. Chaka chimene womaliza anafa palibe angachitchule, chifukwa panalibe amene ankawerenga.

Manta ndiye ray yekhayo amene wapezako anthu omulirira, ndipo nkhani yake mbali yaikulu inachitikira kwa aneba athu. Pa Tofo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, Andrea Marshall wa ku America anagwiritsa ntchito mawanga a pamimba pa manta, amene safanana pakati pa manta awiri, kuzindikira mmodzimmodzi, monga ofufuza ma dolphin amachitira ndi zipsera za pa chipsepse cha pamsana. Mu 2009 iye ndi anzake anasonyeza kuti manta amene ankayesedwa mtundu umodzi ndi mitundu iwiri, wa m'matanthwe a kugombe ndi wamkulu wa kunyanja yakuya. Kuwerenga komweko ndiko kunaulula tsoka: pakati pa 2003 ndi 2011, kuoneka kwa manta wa kugombe pa Tofo kunatsika ndi 88 pa 100. China mwa zimene zikumupha ndi malonda a tiziwalo tosefera chakudya ta m'kati mwa zopumira zake, timene timaumikidwa n'kugulitsidwa ku Guangzhou ku China ngati mankhwala, ngakhale palibe umboni woti timachiza. Wamkulu uja anakwezedwa kufika pa sitepe yachiwiri mu 2020. Chimene chinathandiza manta ndi choti alendo amalipira ndalama kuti akasambire naye, monga amachitira ndi ma dolphin pa Ponta do Ouro kapena pa Kizimkazi ku Zanzibar, kumene asodzi anasiya kusaka ma dolphin m'zaka za m'ma 1990 ataona kuti wamoyo akubweretsa zambiri kuposa wakufa. Koma guitarfish wofiirira wogona m'matope kunja kwa Quelimane palibe mlendo amene angakwere ndege kukamuona.

Malamulo akubwera, ngakhale mochedwa. Pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo pakati pa mayiko, lomwe Malawi ndi Mozambique onse alimo, linayamba kuletsa malonda a sawfish mu 2007, linalemba manta mu 2013, abale ake a mobula pamsonkhano wa ku Johannesburg mu 2016, wedgefish ndi giant guitarfish mu 2019. Mozambique inayamba kugwiritsa ntchito lamulo latsopano la usodzi wa m'nyanja mu January 2021, loletsa kugwira manta, mobula ndi shaki wamkulu wotchedwa whale shark. Kuloza chala msodzi wa bwato n'kosavuta, koma aliyense amene anaonapo mmene zimakhalira ku Chilwa nyengo yotseka nyanja ikafika akudziwa kuti lamulo la papepala ndi m'phika wa kunyumba zimakokana, ndipo kawirikawiri m'phika ndiwo umapambana. Gombe la Mozambique ndi lotalika makilomita oposa 2,400, nsomba zambiri zimagwidwa ndi asodzi ang'onoang'ono okocheza m'madoko osawerengeka, ndipo ukonde susankha mtundu umene lamulo latchula.

Palinso vuto limene dolphin alibe. Mtembo wa dolphin aliyense amauzindikira. Ray akasendedwa, kudulidwa mapisi, kuthiridwa mchere n'kuumikidwa padzuwa, palibe angamudziwe mtundu ndi maso, kaya ndi wa kasitomu padoko la Beira, kaya ndi mayi wogula nsomba yamchere pamsika wa Limbuli. Chipsepse chouma cha wedgefish chimalowa m'thumba limodzi ndi cha shaki wamba. Njira yotsimikizira ndi kuyeza DNA, ndipo makina ake ali m'malabotale a m'mizinda, kutali ndi magombe kumene nsombazo zimadulidwira.